Chaka Chimene Ndinapha Ng'ombe ya a Zimba

Ine ndine Phiri. Kwathu ndi ku Kasungu, koma ndakalambira kuno ku Mzimba, m'mudzi wina wa pakati pa Boma ndi Embangweni. Ndinabwera ndili mnyamata kudzagwira utenanti wa fodya. Esiteti itatsekedwa anzanga anabwerera kwawo, ine ndinatsala, chifukwa a Zimba, bambo wina wa m'mudzimo amene tinkapemphera tchalitchi chimodzi, anandidulira malo kumapeto kwa munda wawo n'kundiuza kuti ndikatenge mkazi wanga, Nabanda, tidzakhale.

Patapita zaka aliyense wa ife anali ndi ng'ombe imodzi yapagoli. Yanga inali Sitima, yaing'ono thupi koma yachangu. Ya a Zimba inali Kapitawo, yakuda, yaikulu, yodziwa mzere moti ukanatha kusiya chingwe iyo n'kumalima yokha. Ng'ombe imodzi siikoka kanthu, ndiye tinkaziphatikiza. Ngolo inali yanga, pulawo inali yawo, ndipo ng'ombe zonse ziwiri zinkagona m'khola la a Zimba. Mvula ikagwa tinkayamba kulima munda wawo, kenako wanga, kenako ya anthu ena. Tinakhala choncho zaka zisanu ndi ziwiri osakanganapo.

Chaka chimene ndikunenachi ndi chija magetsi ankazima tsiku lonse, mafuta a galimoto n'kusowanso nthawi yomweyo. M'mudzi mwathu simunafike waya wa magetsi, ndipo palibe amene ali ndi galimoto. Tinkati amenewo ndi mavuto a anthu a m'tauni.

Sepitembala

Choyamba kuzindikira chinali kuchepa kwa fumbi pamsewu. Matola amene ankadutsa m'mawa uliwonse anayamba kudutsa kamodzi pa masiku atatu, atadzaza mpaka anthu kulendewera, mtengo utakwera kawiri. Obwera ku Boma ankati pamalo omwetsera mafuta pali mzere wa magalimoto wofika kumsika, ndipo petulo akupezeka m'zigubu kuseri kwa mashopu pamtengo woti munthu ugwire pakamwa.

Za chifukwa chake aliyense ankanena zake. Ena ankati dziko latha ndalama zakunja zogulira mafuta. Ena ankati makina a magetsi ku Shire atsekeka ndi matope ndi zinyalala, ena ankati madzi achepa, enanso ankati madziwo anachita kuchuluka n'kuononga makinawo. Ine sindinkatsutsa aliyense. Chimene ndinkaona n'chakuti anthu ayamba kubwera pakhomo panga kudzapempha ngolo: wina njerwa, wina matumba a mtedza opita kumsika, wina mayi wodwala wopita kuchipatala cha ku Embangweni.

Tsiku lina nditatsitsa mtedza pamsika wa ku Boma, anandiitana a Saidi, Msilamu amene ali ndi lesitilanti ndi malo ophikira masikono kuseri kwa msikawo. Anandionetsa uvuni wawo wamagetsi utangokhala, pamwamba ataikapo mabeseni. Anati tsopano akuphikira makala, koma a njinga amabweretsa thumba limodzi kapena awiri, osakwanira ngakhale theka la tsiku. Ndikamawabweretsera ngolo yodzaza, iwo azitenga gawo lawo, otsalawo azitha pomwepo, chifukwa aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi onse abwerera ku mbaula. Munthu uja sanandinamize kalikonse. Ulendo woyamba makala anatha ndisanamasule ng'ombe.

Okutobala

A Zimba anavomera, koma osati ndi mtima wonse. Makala ankawotcha anyamata kumapiri a kumadzulo kwa mudzi, ndipo iwo sankakondwa kuona misuku ikugwa. Anati ngati n'zoona kuti matope ndi amene akutseka makina a magetsi, ndiye kuti ife tikudula mitengo chifukwa magetsi azima, magetsinso azizimabe chifukwa tadula mitengo. Ndinaseka, n'kunena kuti Shire ali kutali. Iwo sanaseke. Komabe nkhokwe yawo inali yochepa chaka chimenecho ngati yanga, ndipo theka la zimene ngolo inkapeza linkapita kwa iwo. Anangoika lamulo limodzi.

"A Phiri, ng'ombe si galimoto yayi. Novembala akangolowa, mbwenu zipume. Zidye, zidikire mvula."

Ndinavomera, tinagwirana chanza, akazi awo NyaMoyo ali pomwepo akusenda chinangwa.

Mwezi wonsewo ndinkapita ku Boma katatu pa sabata. Msewu waukulu ndinkaupewa chifukwa a zankhalango ankalanda makala, ndiye ndinkadzera kanjira kena kodutsa pamtsinje wouma. Pamenepo pali mchenga woti matayala amamira, ndipo kutsidya kwake kuli chitunda chachifupi koma choimirira. Ng'ombe zinkafika pamwamba zikupuma ngati mvukuto. Udzu unali utapsa ponseponse, madzi akumwa anali a m'zithaphwi za m'dambo. Pofika kumapeto kwa mwezi nthiti za Kapitawo zinkawerengeka munthu ali patali. Ndinkaziona. Ndinkadziuza kuti apuma mwezi wamawa.

Novembala

Sabata yoyamba ng'ombe zinapumadi. Sabata yachiwiri kunabwera uthenga wa maliro a mchemwali wa NyaMoyo ku Euthini. A Zimba ndi akazi awo ananyamuka, n'kundisiyira khola. Ndi kusowa kwa matola, anati mwina atha masiku anayi kapena asanu.

Tsiku lomwelo a Saidi anatumiza mawu kuti makala asowa m'tauni monse, mtengo wakwera kuposa kale lonse, ndipo ngati ndingathe ndibwere. Ndinauza Nabanda kuti ndipita ulendo umodzi wokha, wotsiriza, wogulira feteleza. Iye anandikumbutsa kuti ndinagwirana chanza ndi a Zimba NyaMoyo akuona. Ndinamuyankha kuti chanza si feteleza wothira m'munda.

Masiku onse ndinkakweza matumba khumi. Tsikulo ndinakweza khumi ndi asanu. Kunatentha kuyambira m'mamawa, kutentha kwa mvula ikayandikira, kopanda kamphepo. Pamchenga paja ng'ombe zinavutika koma zinadutsa. Pachitunda, titafika pakati, Kapitawo anagwada. Ngolo inabwerera m'mbuyo pang'ono, goli n'kumupotokola khosi, iye n'kugwa chammbali pamiyala.

Ndinamumenya. Palibe chifukwa chobisira tsopano. Ndinamumenya ndi chikwapu, kenako ndi mtengo, mpaka ndinaona kuti sizikuthandiza. Ndinatsitsa matumba asanu, ndinamasula goli, ndinakhala pansi kumudikira. Patapita nthawi anadzuka yekha, miyendo ikunjenjemera, mawondo akutuluka magazi. Pamenepo munthu wanzeru akanabwerera kumudzi. Ine ndinamanganso goli, tinakwera chitundacho, ndipo pamwamba ndinasenza matumba asanu aja limodzilimodzi n'kuwakwezanso.

Ku Boma a Saidi ataona thovu kukamwa kwa Kapitawo ndi magazi m'mawondo, anasiya makasitomala n'kubweretsa beseni la madzi. Anati ng'ombeyi isayendenso lero, igone pamthunzi kuseri kwa lesitilanti, inenso andipatsa pogona, tibwerere mawa kukazizira. Ndinakana. Ndinkaopa kuti khola likagona lopanda ng'ombe, mudzi wonse udziwa. Tinabwerera dzuwa lili paliwombo.

M'mawa mwake Kapitawo sanadzuke. Ndinamutsuka mawondo, ndinamupatsa madeya, sanadye. Ndinayesa kuimbira alangizi a ziweto, foni yawo inali yozima masiku awiri chifukwa analibe potchajira. Nditawapeza anati njinga yawo yamoto ilibe petulo, ndipo mankhwala amene ankasunga m'filiji sangawakhulupirirenso. Anandiuza zoti ndiyese, ndinayesa, sizinathandize.

A Zimba anafika tsiku lachinayi, atatopa, fumbi lili m'mutu. Sanalowe m'nyumba, analunjika kukhola. Anagwada pafupi ndi ng'ombe yawo, anaisisita pamphumi, kenako anandifunsa chimene chachitika. Ndinati yangodwala yokha. Za mawondo ndinati yadzipweteka poyesa kudzuka. Kenako ndinatembenuza khutu lake n'kuwaonetsa nkhupakupa zitatu zimene zinali m'menemo. Ng'ombe iliyonse m'mudzimo inali ndi nkhupakupa mwezi umenewo. Koma ndinkadziwa kuti a Zimba anasiya kugula mankhwala ophera nkhupakupa atakwera mtengo, ndipo ndinkadziwa kuti zimenezo zinkawavutitsa mumtima.

Tinamupha Kapitawo tsiku lotsatira, asanafe yekha. Wa butchala wa ku Boma anangotenga mwendo umodzi, anati filiji yake siikugwira ntchito, nyama yambiri ingamuwolere. Yotsalayo inagulitsidwa m'mudzi pamtengo wa nkhuku, ina inangogawidwa, ina NyaMoyo anaiyanika.

Madzulo ake a Zimba anabwera kwathu ndi nyama m'mbale yovindikira. Anakhala pakhonde, anavula chipewa.

"A Phiri, ndapota, mundikhululukire," anatero. "Mankhwala aja ndinaumira ndine. Ndakupherani ulimi wa chaka chino, inu ndi ana anu."

Munthu wa imvi, amene anandipatsa malo ndilibe kanthu, akupepesa kwa ine. Nabanda anali ataima pakhomo akundiyang'ana. Ndinati, "Zimachitika, adada. Musadandaule."

Nabanda analowa m'nyumba. Nyama ija anaphikira ana ndi ine, iye sanaikhudze. Patapita masiku anayi mvula yoyamba inagwa, yambiri, yobzalira.

Disembala

Anthu olima ndi makasu amakonza mizere yawo dzuwa likadali, mvula ikagwa n'kungobzala. Ife a ng'ombe tinkadikira nthaka ifewe, chifukwa pulawo imachita pa masiku atatu zimene khasu limachita pa mwezi. Chaka chimenecho mvula inatipeza tilibe mzere ngakhale umodzi.

Ndinayenda midzi itatu kufuna ng'ombe yoti ndiphatikize ndi Sitima. Aliyense anali ndi minda yake, ndipo amene anavomera anati ndidikire Khirisimasi ipite. Tinatenga makasu. Ine ndi Nabanda tinkalima mzere, n'kubzala tsiku lomwelo, udzu ukumera kutsogolo kwathu. Chimanga cha anzathu chinali chofika m'mawondo ife tikadaponya mbewu. A Zimba ndi NyaMoyo, ndi misana yawo yokalamba, anangokwanitsa theka la munda, kwinako n'kusiya thengo.

Kawiri pa sabata ndinkapita kukawathandiza m'mawa. Ndikamaweruka a Zimba ankandiperekeza mpaka kumalire, n'kundithokoza kuti yewo chomene, Mulungu anawapatsa mwana kuukalamba. Ndinkafika kunyumba nsima osaimva kukoma.

Feteleza naye anatichita chipongwe. Makuponi tinali nawo m'manja, koma kudepoti kunalibe kanthu. Ankati malole aima kwinakwake kudikira dizilo. Ndinataya masiku asanu ndi limodzi pamzere, masiku amene ndikanapalira. Wa m'mashopu analipo, koma ndalama zonse za ulendo wotsiriza uja sizinakwane ngakhale thumba limodzi.

Januwale

Chaka chatsopano chinalowa nkhokwe itatsala pansi pokha. Pamsika ndowa ya chimanga inkakwera sabata iliyonse, ndipo ukafunsa mavenda ankati ufunse amene akugulitsa dizilo. Ndalama za makala zimene ndinkaziona ngati zambiri mu Okutobala zinasungunuka m'masabata atatu.

Ngakhale wopeza chimanga ankavutika kuti chisanduke ufa. Chigayo cha dizilo cha pafupi ndi ife chinatsekedwa. Cha magetsi cha pamsika chinkalira maola awiri n'kuzima, amayi n'kusiya matumba awo pamzere, kubwera mawa, kubweranso mkuja. Nabanda anatulutsa mtondo umene tinkasungiramo nyemba n'kuyambanso kusinja ngati kale, manja ake n'kuchita matuza. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, madzulo, nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi madeya, ndiwo zake nkhwani.

Pakati pa mwezi mvula inadula masabata awiri. Chimanga chobzala msanga chinapirira, chathu chinapota masamba n'kuchita chikasu. Feteleza anafika kudepoti nthawi imeneyo, nthaka ili gwa, ndipo amene anathira anangotentha mbewu. Mphekesera zinali zambiri: kuti chimanga chaulere chikubwera, kuti chafika kale koma chatsitsidwa kwina, kuti wina ku Jenda wagula thumba n'kupeza pansi pake pali mchenga. Mabanja angapo anapita kukagwira ganyu kumaesiteti a kumalire ndi Kasungu, kulipidwa mbale ya ufa.

Kumapeto kwa mweziwo a Zimba anamanga pulawo yawo panjinga n'kuikankha mpaka ku Boma kukaigulitsa. Anabwera ndi ndowa ziwiri za chimanga. M'mawa mwake nditapita ndi khasu kukawathandiza kupalira, anandilonjera bwinobwino, koma osandiyang'ana kumaso. Anati ndisavutikenso, ndili ndi munda wanga. Ndinaganiza kuti n'chisoni cha pulawo.

Febuluwale

Mwana wathu wamng'ono atayamba kugona masana osasewera, ndinagulitsa Sitima. Aliyense ankagulitsa ziweto mwezi umenewo, ndiye ogula ankangotchula mtengo umene afuna. Ng'ombe yathunthu yodziwa goli inandibweretsera matumba anayi a chimanga. Wogulayo anaiyendetsa wapansi chifukwa analibe galimoto yoinyamulira, ndipo inkatembenuka kuyang'ana kukhola mpaka inakhota pamsewu.

Thumba limodzi ndinaliika panjinga n'kupita nalo kwa a Zimba. Ndinawapeza atangofika kuchokera ku ganyu wopalira fodya, matope ali mpaka m'mawondo, munthu woti kutchalitchi amakhala kutsogolo. Ndinati Sitima anali wa tonse, ndiye gawo lawo ndi limeneli. NyaMoyo anatuluka n'kuima pakhomo atagwira chitseko. Anali ataonda kwambiri, koma mapazi anali otupa. Maso awo anali pathumba paja.

A Zimba anayang'ana thumbalo, kenako anayang'ana ine, nthawi yoyamba m'masabata atatu.

"Yewo, a Phiri. Tili nacho chakudya. Kadyetseni ana anu."

Ndinachonderera. Anabwereza mawu omwewo, osakweza mawu, n'kulowa m'nyumba. NyaMoyo anatsala pakhomo kanthawi, kenako nawonso analowa. Ndinabwerera nalo thumba lija.

Nabanda anati asiyeni abambowo, iye adziwa chochita. Ankatenga ufa m'kambale, n'kuubisa m'ndowa popita kumjigo, n'kuwapatsa NyaMoyo kumeneko. Nthawi zina NyaMoyo ankalandira, nthawi zina ankati abambo akaona ufa woyera afunsa kumene wachokera. Usiku wina Nabanda anandiuza kuti akuganiza kuti a Zimba akudziwa. Ndinati sangadziwe, panalibe munthu pamtsinje paja. Anati ngakhale asadziwe, ine ndikudziwa. Ndinatembenukira kukhoma.

Malichi

Mvula inabwerera mwamphamvu, ya tsiku ndi tsiku. Maungu anayamba kupsa, anthu ena anayamba kukazinga chimanga chachiwisi, nkhope zinayamba kubwerera. Kwa a Zimba zimenezi zinali zisanafike, chifukwa anabzala mochedwa kuposa tonse.

NyaMoyo anadwala malungo sabata yachiwiri. Thupi lopanda chakudya silinalimbe. Tsiku lachitatu anasiya kuzindikira anthu, ndipo m'mawa mwake a Zimba anabwera okha pakhomo panga, nthawi yoyamba chiyambire Januwale, kudzafunsa ngati njinga yanga ili bwino.

Ngolo yanga inali pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Ngolo imeneyo inanyamulapo odwala a mudzi wonse. A Zimba anaidutsa osaiyang'ana. Ng'ombe zapagoli zimene zinatsala m'dera lathu zinali za bambo wina kutsidya kwa mtsinje, ndipo mtsinjewo unali utadzaza. Mwini matola amene tinamuimbira anati ali pamzere wa mafuta ku Boma kuyambira dzana.

Tinamanga mpando pakaliyala ya njinga, tinawakhazika NyaMoyo n'kuwamanga ndi zitenje. Ine ndinagwira chiwongolero, a Zimba anagwira akazi awo, amuna ena awiri ankakankha kumbuyo, Nabanda akutsatira ndi mtolo wa zofunda. Matope ankatseka matayala, tinkaima n'kumawachotsa ndi kamtengo. Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, tinafika ku Embangweni litapendeka. Anamwino anatilandira msanga ndipo anachita zonse zimene akanatha. Anati magazi achepa kwambiri m'thupi. NyaMoyo anamwalira patapita masiku awiri.

Pofika tsikulo madzi a mumtsinje anali atatsika. Bambo wa kutsidya uja anatibwereka ng'ombe zake, anazimanga pangolo yanga, ndipo ndinayendetsa ndine kukatenga thupi. A Zimba anakhala kumbuyo pafupi ndi bokosi njira yonse. Sindikunena kuti ng'ombe ija ikanakhalapo NyaMoyo akanachira. Za moyo adziwa ndi Mulungu. Koma munda wawo ukanalimidwa wonse mvula yoyamba, ndipo ulendo wa tsiku lathunthu uja ukanakhala wa maola atatu, mayiyo atagona pamphasa.

Meyi

Pofika nthawi yokolola, matola anayambanso kudutsa m'mawa uliwonse. Obwera ku Boma ankati mizere ya mafuta yatha, magetsi akuyaka masiku ambiri, a Saidi ayatsanso uvuni wawo ndipo makala atsika mtengo. Zinatha mmene zinayambira, popanda wotifotokozera. Kumapiri a kumadzulo kunatsala zitsa.

Munda wanga unatulutsa chimanga chokwana mwina miyezi isanu. Tsiku limene tinamaliza kudula, Nabanda anandiuza kuti wasenza nkhani yanga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo watopa. Ndikapanda kupita ine, apita iye.

Ndinawapeza a Zimba m'munda mwawo, okha, akudula mapesi ndi chikwanje n'kumaimika mikukwe. Chimanga chake chinali chachifupi, zitsononkho ngati zala. Ndinawalonjera, ndinakhala pamzere, ndipo ndinanena zonse: matumba khumi ndi asanu, chitunda, chikwapu, malo ogona a a Saidi amene ndinawakana, nkhupakupa zitatu zija. Anamvetsera ataima, chikwanje chili m'manja. Nditamaliza anakhala pansi nawonso, patali pang'ono.

Anati akudziwa. Tsiku limene anakagulitsa pulawo, analowa mu lesitilanti ya a Saidi kupempha madzi akumwa, ndipo a Saidi, posadziwa kanthu, atamva kumene achokera, anawafunsa ngati ng'ombe yakuda ija, imene inabwera ndi makala mu Novembala ikutuluka magazi, inachira mawondo. Anati kuyambira tsikulo ankadzuka m'mawa uliwonse akuganiza kuti lero a Phiri abwera kudzanena.

"Ng'ombe imafa, a Phiri. Ikanafa ndi ine, ikanafa ndi inu. Mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanakalipa, mbwenu tikanalira limodzi. Koma munandisiya ndivule chipewa pakhonde panu."

Ndinati ndigwira ntchito mpaka ndiwagulire ng'ombe ina, ngakhale zitenge zaka. Anapukusa mutu, anati pulawo palibe, ndipo munthu amene ankamulimira chakudya anapita. Anayamba kuthothola udzu pamzere. Nditaganiza kuti atha, analankhulanso, mawu ali pansi.

"Thumba lija munabwera nalo. Mayi aja analiyang'ana, ine ndinaona kuti aliyang'ana. Ndinalibweza chifukwa cha ukali wanga ndi inu. Anali ndi njala chomene, ndipo sanandifunse kanthu, mpaka kumwalira sanandifunse." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ndiye musaganize kuti mwabwera kwa munthu woti akuweruzeni. Inu muli ndi wanu mtolo, ine ndili ndi wanga."

Sananene kuti andikhululukira, inenso sindinapemphenso. Anadzuka, anayang'ana mbali ya munda imene inatsala, n'kunena kuti chiswe chayamba kugwetsa mapesi, ndipo okha satha sabata ino. Ngati ndili ndi chikwanje chakuthwa, ndibwere nacho mawa.

Ndinapita kusanatenthe. Tinadula tsiku lonse, iwo mzere wawo, ine wanga. Dzuwa litafika pamutu Nabanda anabwera ndi mbatata yophika m'mbale imodzi. A Zimba anasamba m'manja, anapemphera, anatenga mbatata yaikulu n'kuinyema pakati, theka n'kuliika mbali yanga ya mbale.